Guluu wa pa 9 Januwale

11 Januwale

Okondedwa Amayi ndi Abambo,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ine kuno ndili gwa. Mwendo wa Amayi uja ukupeza bwanji ndi mvulayi? Nanga denga la kukhitchini, Abambo anakwerapo kapena akadali kulikonza ndi maso?

Khalani pansi kaye. Andichotsa kolongedza makatoni. Tsopano ndine wosakaniza guluu wa fakitale yonse, ndipo anzanga ayamba kale kunditcha Mayi Guluu. Abambo, musaseke. Si guluu wa m'kachitini wanu womatira nsapato uja, wonunkha mpaka kumsewu. Wathu amabwera m'migolo iwiri: wina ndi guluu weniweni, wina ndi mankhwala omulimbitsa. Ndimayeza pasikelo n'kusakaniza, ndipo ndikaphonya muyeso pang'ono pokha, guluuyo sangaume mpaka tsiku la chiweruzo.

Ntchito yake ndi kumata zinthu zitatu kuti zikhale chimodzi: pulasitiki yolembedwa mawu pamwamba, chitsulo chopyapyala ngati pepala pakati, ndi pulasitiki ina pansi. Makina amapaka, kupanikiza, n'kukulunga mipukutu yoti amuna awiri sangainyamule. Mipukutu imeneyi ndi imene amadula kupanga mapaketi a mkaka wa ufa. Koma isanadulidwe imayenera kugona masiku asanu m'chipinda chofunda kuti guluu akhwime. Atandiuza zimenezi ndinaseka ndekha, chifukwa ndi zomwe munkandikalipira ndili mwana pabenchi panu: paka, ika pambali, usagwiregwire.

Amene masiku asanuwa amamupweteka ngati dzino ndi woyang'anira wathu. Timamutcha Wotchi, poti sangalankhule nawe osayang'ana pamkono. Ndi mlamu wa mwini fakitale, ndiye mukudziwa kale kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kiyi wa chipinda chofunda amasunga ndi iyeyo.

Kalatayi ndaikulunganso m'pepala lonyezimira kuti isanyowe m'basi, koma la ulendo uno si wamba ngati ena aja. Ndalidula kumayambiriro kwa mpukutu wa Lachinayi, pa 9, tsiku loyamba limene ndinasakaniza guluu ndekha popanda wondiimirira kumbuyo. Nambala ya mpukutu ndi tsiku zalembedwa m'mbali mwake. Abambo, liikeni pofunda sabata ziwiri, kenako muyese kulimatula ndi zikhadabo zanu zija. Mukalimatula, ndibwera kudzakusokerani nsapato mwezi wathunthu.

Amayi, musadandaule, zidutswa zimenezi amataya kudzala ndipo mlonda wa pageti amatilola kutenga. Mundiyankhe kudzera kwa kondakitala yemwe uja. Foni ya aneba sindiifuna, ili ndi makutu ambiri.

Ndine mwana wanu,
Namakani

20 Januwale

Mwana wanga,

Moni wochokera kwa ine mayi ako. Kuno tadzuka, mwendo ukuyesera, denga likudonthabe. Uthenga wako tinaulandira ndipo ndinayamika Mulungu. Abambo ako anawerenga kalatayo katatu, kenako anakaiwerengeranso makasitomala awo pakhonde, ngakhale amene anangobwera kudzasoketsa lamba wa patapata. Akuti mwana watengera iwo. Ndinawayankha kuti inde, makamaka makani.

Za makani zomwezo, ndikuchenjeze. Munthu amene ukumutcha Wotchiyo ndi bwana wako. Dzina lachipongwelo ulisiye pageti polowa. Unapita kumeneko kukagwira ntchito, osati kukawongola mlamu wa eni ake. Ukayenda siya phazi, mwana wanga, ukasiya mlomo ukutsata.

Mapepala ako onyezimira andithandiza. Ndakulungira mbewu za mpiru, ndayala pashelefu ya makapu, lina ndavindikira chitini cha shuga ndipo nyerere zagwa ulesi. Komabe mtima wanga sukhazikika. Chinthu chokongola chonchi munthu angataye kudzala? Chilolezo cha mlonda ndi cha pakamwa, tsiku loipa adzakukana. Latsopano lija abambo ako analilanda lisanafike n'komwe m'manja mwanga, analiika pamwamba pa kabati ngati chithunzi cha ukwati.

Nkhani ina yoti useke. Abambo ako alonjeza kuti sabata yamawa andikonzera nsapato zanga za kutchalitchi. Zaka ziwiri ndikuyenda ndi madzi m'mapazi, ine mkazi wa mmisiri wa nsapato! Ndiona ndi maso.

Undiuze ngati ukudya bwino, komanso ngati fungo la guluuyo silikukulowa m'chifuwa. Nkhani ya mwamuna sindifunsa chifukwa unandiletsa, koma dziwa kuti sindinaiwale.

Ndine mayi ako

2 Febuluwale

Amayi ndi Abambo,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ndikulemba mothamanga kuti ndipeze basi ya masana.

Andiimitsa ntchito Lachisanu. Mipukutu yanga ya pa 9 ija, Wotchi anaitulutsa m'chipinda chofunda Loweruka ine kulibe, itangogona masiku awiri. Nditafika Lolemba n'kupeza chipinda chili mbee, ndinamufunsa, iye akuti galimoto ya kasitomala sidikira guluu. Anadula mapaketi guluu ali wamuwisi, a kampani ya mkaka anathiramo mkaka, ndipo tsopano mapaketi akumatuka okha m'makatoni, mkaka ukununkha mankhwala. Abweza katundu yense. Mwamwayi sunafike m'masitolo, bwenzi ana a anthu atamwa.

Wotchi wauza mwini fakitale kuti ndinalakwitsa muyeso. Wandipatsa pepala loti ndisaine kuvomera, akuti ndikatero andibwezera kolongedza makatoni, ndikakana andichotsa. Pa mpukutu uliwonse timasunga kachidutswa m'kabati kuti kadzakhale umboni. Ta pa 9 tokha tasowa.

Ndiye chatsala ndi chimodzi: pepala limene ndinakulungira kalata ya pa 11 ija. Ngati muyeso unali wolakwika, lidzakhala likunata ndi kumatuka mpaka lero. Ngati lagwira, ndiye kuti guluu wanga anali wabwino, cholakwa chinali phuma. Nditumizireni msanga. Kuti musasokoneze, ingosonkhanitsani mapepala onse onyezimira amene ndinakutumizirani aja, mupatse kondakitala. Musauze munthu aliyense, nkhani ingafike kwa Wotchi ine ndisanakonzeke.

Pepani kalatayi ikubwera yamaliseche, sakundilola kulowa pageti ndiye ndilibe chokulungira.

Namakani

7 Febuluwale

Mwana wanga,

Moni, ngakhale sindikudziwa ngati pali moni pa zinthu zotere. Kalata yako yafika Lachitatu itanyowa yonse. Kondakitala akuti inali m'thumba la malaya pamene ankamasula katundu padenga la basi mvula ili pakati. Inki yonse yasungunuka. Ndinaiyanika pafupi ndi mbaula n'kuwerenga zimene zatsala: "andiimitsa ntchito", "tasowa", "mapepala onse onyezimira amene ndinakutumizirani", "ndisaine kuvomera", "musauze munthu aliyense".

Sindine wophunzira koma ndamva. Si ndinanena ine? Akugwira ndi mapepala a eni ake. Ndinakhala pansi pakhomo osadziwa kuti ndakhala. Abambo ako kulibe, anapita Lolemba kukaona mlongo wawo amene ali m'chipatala, ndiye ndinalibe wofunsa nzeru.

Koma usaope, mayi ako sanagone. Ndinasonkhanitsa onse, a pashelefu, a mbewu, la pashuga, ndinasesa ndi pamwamba pa kabati pomwe. Ndinawotcha kuseri kwa nyumba. Utsi wake woipa, ndinatsokomola tsiku lonse, ndipo chitsulo chimene chinakana moto ndinachiponya m'chimbudzi. Aneba atafunsa ndinati ndikuwotcha zinyalala. Akabwera kudzafufuza kuno sapeza kanthu.

Tsopano mvera ine. Chimene akufuna kuti usainecho saina. Pita ukagwade, unene kuti unalakwa, sudzabwereza. Kupepesa sikuthyola msana. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, ndipo ine ndi amene ndikumva kupotako kuno. Makani ako uwasunge m'sutikesi mpaka nkhaniyi ithe.

Undiyankhe msanga, chakudya sichikutsika.

Ndine mayi ako

11 Febuluwale

Amayi,

Moni. Kalatayi ndaikulunga m'majumbo awiri, muiwerenge yonse, mawu ndi mawu.

Sindinabe kanthu. Palibe amene akunena za kuba. Mapepala aja ndinkawafuna ine, chifukwa limodzi mwa iwo linali mboni yanga yokhayo. Wotchi anadula mipukutu yanga guluu asanakhwime, katundu waonongeka, ndipo akukankhira mlandu kwa ine kuti ndinasakaniza molakwika. Pepala la pa 9 Januwale likanaonetsa kuti guluu wanga anagwira. Mwaliwotcha.

Nditawerenga kalata yanu ndinalira, sindikubisirani. Sikuti ndinalirira pepala lokha ayi. Chimene chandipweteka n'chakuti munaona mawu asanu onyowa, ndipo mwa zonse zimene mukanaganiza, munaganiza kuti mwana wanu ndi wakuba. Munandilera ndinu. Ndi liti pamene ndinabwera ndi chinthu cha mwini m'nyumba mwanu?

Dzulo Wotchi anandiitanitsa ku ofesi yake. Pepala lili patebulo, cholembera wachitsegula kale.

"Chemwali, musavutitse zinthu," akutero akuyang'ana pamkono. "Aliyense amalakwitsa. Sainani apa, Lolemba mubwerere kumakatoni, nkhani yatha."

Ndinati, "Bwana, amene analakwitsayo ndiye asaine."

"Mukudziwa kuti mukulankhula ndi ndani?"

"Ndikudziwa. Ndikulankhula ndi munthu amene amasunga kiyi wa chipinda chofunda."

Anaimirira, mpando mpaka kugwa. Akuti mkazi amene wagwira sikelo mwezi umodzi sangamuphunzitse ntchito. Ndinamuuza kuti sikelo ndaigwira mwezi umodzi, koma guluu ndinayamba kumununkhiza ndisanamere mano.

Mlandu aukamba Lachitatu pa 19, pamaso pa mwini fakitale ndi mayi woyeza katundu wochokera ku kampani ya mkaka. Ndipita chimanjamanja. Anzanga onse akudziwa chimene chinachitika Loweruka lija, koma aliyense ali ndi ana, ndikawayang'ana amayang'ana pansi. Sindikuwada.

Koma kusaina sindisaina, Amayi. Ndikasaina, dzina langa lidzakhala la mkazi amene anaononga mkaka wa ana, ndipo palibe fakitale imene idzandipatsenso sikelo. Choipa kwambiri, Wotchi adzadulanso mipukutu yaiwisi, ndipo ulendo winawo mkaka udzafika m'kapu ya mwana. Andichotse ngati akufuna. Ndibwera kudzakhala pabenchi ya Abambo, kusoka ndimatha.

Abambo akabwera muwapatse kalatayi. Azakhali akupeza bwanji?

Namakani

15 Febuluwale

Namakani,

Ndine bambo ako. Ndabwera dzulo, azakhali ako atuluka m'chipatala. Kulemba makalata si ntchito yanga, ndiye ndinena mwachidule.

Ndapeza mayi ako maso ali otupa, sanaphike masiku awiri. Usawakalipirenso. Anawotcha chifukwa cha mantha, ndipo mantha a mayi alibe sukulu. Kalata yako inawalasa pamene inayenera kuwalasa, pakwana.

Tsopano imva. Pepala la pa 9 lija ndinalisiya pakabati sabata ziwiri monga unanenera. Kenako ndinalimbana nalo. Zikhadabo zinalephera, mano analephera, mpeni unangolidula osalimatula. Ndinati chinthu chotere si chokongoletsera kabati. Ndinalidula pawiri n'kuliika m'kati mwa nsapato za mayi ako za kutchalitchi, pakati pa soli ndi chikopa, n'kusoka. Sindinawauze, chifukwa akanati ndikuwaveka zinyalala. Limene anasesa pakabati linali lina lakale.

Ndiye mayi ako anawotcha mapepala onse atavala mboni yako kumapazi. Ayenda nayo m'matope milungu itatu, kutchalitchi, kumsika, kuchigayo, ndipo akhala akundiyamikira kuti mapazi ndi ouma. Nditawauza, anavula nsapato n'kuiyang'ana ngati mlendo.

Nambala ili ku nsapato ya kumanzere. Sindiimasula ulusi kuno, angadzati tapanga chinyengo. Ikamasulidwe pamaso pawo, aone okha ulusi wanga kuti ndi wakale. Ndimati ndipatse kondakitala, mayi ako akana. Akuti kondakitala ananyowetsa kale kalata imodzi, ndipo nsapato ndi yawo, aibweretsa ndi phazi lawo. Akwera basi ya Lachiwiri m'mawa. Ukawachingamire, misewu ya kumeneko saidziwa. Ndawapatsa kampeni kanga komasulira ulusi.

Usasaine. Wapambana mpikisano uja, sudzandisokera nsapato.

Bambo ako

26 Febuluwale

Okondedwa Abambo,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ndipo simukudya zopsereza. Amayi akubwera mawa, koma ndati kalatayi itsogole, chifukwa iwo akadzayamba kufotokoza adzawonjezera mchere.

Lachitatu lija tinafika pageti mvula ikuwaza. Mlonda anati olowa ndine ndekha. Amayi anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato n'kuti, "Mwana wanga, ine ndine mboni, ndipo mboni ina ndaiponda. Tsegula." Anatsegula.

Mu ofesi munali mwini fakitale, Wotchi, ndi mayi woyeza uja ali ndi kamakina kake kokokera mapepala. Patebulo panali mapaketi omatuka ndi pepala langa losaina. Wotchi analankhula nthawi yaitali, za muyeso, za anthu okwezedwa msanga, za chifundo chimene akundichitira. Atatha, mwini fakitale anandifunsa ngati ndili ndi chonena. Ndisanatsegule pakamwa, Amayi anawerama, kuvula nsapato ya kumanzere, n'kuiika patebulo pamwamba penipeni pa pepala losainalo, matope ndi matope.

"Mayi, kuno ndi ku ofesi!" anatero Wotchi.

"Ndaona," anatero Amayi. "N'chifukwa chake ndavula imodzi yokha."

Ndinatenga kampeni kanu n'kumasula ulusi. Mumasoka mokhwima, Abambo, ndinatuluka thukuta. Pepala linatuluka lakuda, lopindika ngati phazi la Amayi, koma nditalipukuta nambala inaoneka, ndi tsiku lomwe. Wotchi anati lingakhale la mpukutu wina uliwonse. Mayi woyeza anangotenga paketi imodzi yomatuka n'kuika nambala ziwirizo pamodzi kuti mwini fakitale aone yekha. Kenako anadula kachingwe, kukapana m'kamakina, n'kuyamba kukoka. Pulasitiki inatamuka, inatamuka, mpaka inaduka. Guluu sanasiye. Anayesa katatu.

Anati, "Guluu uyu anasakanizidwa bwino. Wayenda m'madzi milungu itatu ndipo akukana kumatuka. Mapaketi awa anadulidwa aawisi. Ndani anatsegula chipinda?"

Wotchi kwa nthawi yoyamba anaiwala kuyang'ana pamkono.

Mwini fakitale anakonza kukhosi n'kuyamba zija za akuluakulu, akuti tonse ndife banja limodzi, tingonena kuti panali kusamvana, mtsikanayu abwerere pantchito mwakachetechete. Apa ndi pamene Amayi anaimirira, phazi limodzi lili pasimenti.

"Bwana, ine ndinawotcha mapepala a mwana uyu chifukwa ndinakhulupirira kuti ndi wakuba. Mwana wobala ndekha. Manyazi amenewo ndi anga, ndawanyamula m'basi mpaka kuno, ndipo ndikuwanena pamaso panu. Pepa, mwana wanga. Tsopano awa anamunamizira pamaso pa anthu. Manyazi awo anyamula ndani?"

Abambo, ndinaluma mlomo kuti ndisalire pamaso pa Wotchi. Mkwiyo wonse umene ndinali nawo pa Amayi unathera pomwepo.

Mwini fakitale anandifunsa chimene ndikufuna. Ndinati zitatu. Pepala ili ling'ambidwe. Anzanga onse auzidwe kuti muyeso wanga unali wolondola. Ndipo kiyi wa chipinda chofunda azisunga wosakaniza guluu. Pa chachitatu anazengereza, koma mayi woyeza anati kampani yawo siidzalandiranso mpukutu wopanda saini yanga yoti wagona masiku asanu. Wotchi anachotsa kiyi pa lamba wake n'kumuponya patebulo. Sanamuchotse ntchito, khoswe akadali pamkhate, ndipo kupepesa sanapepese. Anzanga anauzidwa ndi mwini fakitale masana omwewo.

Ndinayambiranso Lachinayi, ndinamata mipukutu isanu ndi itatu. Lolemba, tsiku lachinayi, ndikutsuka ndowa, ndinangomva nsapato za Wotchi kumbuyo kwanga.

"Chemwali, galimoto ili panja. Tsiku limodzi lokha latsala, palibe kusiyana. Bweretsani kiyi."

"Mawa, bwana."

Anayang'ana pamkono.

Ndinati, "Imeneyo imawerenga maola. Guluu amawerenga masiku."

Anapita kukauza dalaivala. Galimoto inabwerera yopanda kanthu, ndipo inabweranso dzulo.

Ndimafuna kuwagulira Amayi nsapato zina, akana. Akuti akufuna zomwezi, ndiye akubwera atavala patapata, nsapato zili m'chikwama, ya kumanzere ili kukamwa yasa. Ndawapatsa chidutswa chatsopano cha Lachinayi, ndipo ulendo uno pali kalata ya mwini fakitale yoti ndatenga ndi chilolezo, Amayi anaumirira kuti alembe iwo akuona. Muwasokere msanga, Lamulungu akufuna kukaimirira kutsogolo.

Kiyi ndamumanga pachingwe, ali m'khosi mwanga pamene ndikulemba pano.

Ndine mwana wanu,
Namakani